Ulendo wa Loweruka: tikwere pa Thabwa, tikatsikire ku Muona

Bambo a Chisomo, Nchalo:
Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse. Nkhani ya ulendo wathu wa njinga zamoto ija tisaigoneke. Mvula inatha, mitsinje yaphwa, ndipo tikadikira mpaka Okutobala palibe adzafune kuvala jekete ndi chisoti padzuwa la kuno. Maganizo anga ndi awa. Loweruka likubwerali tikumane pa Dyeratu 6 koloko m'mawa. Tiwoloke Shire pa Kamuzu Bridge, pa Thabwa tiyambe chitunda mpaka Blantyre. M'tawuni tisachedwemo, tingodutsa Limbe, Bvumbwe, Thyolo boma, kenako tikhotere msewu wa Makwasa mpaka Thekerani, tikagone komweko. Lamulungu titsike phiri kulowera ku Muona, tigwire msewu wa East Bank kudutsa Fatima, Masenjere, Nkhate, Livunzu, tidzatulukirenso pa Thabwa. Amene ali ndi chonena anene pano, tisakakanganire panjira.

Mnyamata wa Lifo, Bangula:
Ine ndilipo madala. Koma mafuta a ulendo wonsewo ndi nkhani. Mwayi wake ndi woti theka la njirayo ndi mtsetse, tikangofika pamwamba ndi kuzimitsa injini basi, njinga imadziyendera yokha mpaka pansi.

Amakaniko a pa Dyeratu:
Mphwanga wa ku Bangula, zimene walembazo ndiye zandichititsa kusiya sipanala n'kugwira foni. Ngati pali munthu akufuna kukazimitsa injini pamtsetse wa Thekerani kapena wa Thabwa, ine ulendowu sindipita nawo.

Tiyeni tiuzane zoona. Ife a kuchigwa kuno tinaphunzirira njinga pamalo athyathyathya. Kuchoka pa Nchalo kukafika Ngabu, Sorgin mpaka Bangula, buleki umaigwira chifukwa cha mbuzi, ng'ombe kapena dzenje, kamphindi chabe n'kuisiya. Siipeza mpata wotentha. Phiri ndi lina. Blantyre ili pamtunda wa mamita oposa 1,000, Chikwawa ili cha m'ma 100, ndiye kusiyana konseko njinga imakutsika ndi thupi lako pamwamba. Ukazimitsa injini kapena kuika fili (kuchotsa giya), kulemera konseko wakusiyira timashuzi ta buleki tiwiri tomwe tili m'dilamu yakumbuyo. Makona oyamba buleki imagwira bwinobwino, ndipo mpamene munthu amadzinamiza kuti zonse zili bwino. Ikamapitirira kukhuzana dilamu ija imatentha ngati chiwaya cha tchipisi, chitsulo chimafutukuka, mashuzi amasalala n'kuyamba kunyezimira. Ukuponda, phazi likungopita pansi, njinga osamva. Ikamatero umamva kafungo kopserera, koma pofika apo nthawi yatha kale. A mabuleki a disiki musadzitame, inunso fuluwidi (mafuta a buleki) akakhala wakale amawira, chogwirira chija n'kufewa mpaka kukhudza chiwongolero.

Njira yake ndi imodzi: giya yomwe wakwerera phiri ndi yomwe utsikire. Yachiwiri, pena yachitatu pomwe pawongoka. Injini izilira, iyo ndi imene ikugwira njingayo, buleki ingothandizira. Ndipo buleki yake uzigwira mwamphamvu pang'ono n'kusiya, kugwiranso n'kusiya, kuti ipumeko, osati kuigoneka phazi kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Mnyamata wa Lifo, Bangula:
Ndamva amalume, koma anzathu a kabaza a ku Thyolo amatsika chozimitsa tsiku ndi tsiku, atanyamulanso matumba a nandolo. Bwanji iwo sagwa?

Amakaniko a pa Dyeratu:
Amagwa mphwanga. Amene umawaona pasiteji ndi omwe afika. Enawo njinga zawo zimabwera kuno pangolo, foloko yapindika, tanki yaphwanyika. Komanso iwo msewuwo anabadwira momwemo, amadziwa kuti kuseri kwa mtengo uja kuli kona yobwerera m'mbuyo. Iwe ukauona koyamba Lamulungu. Mafuta omwe ungapulumutse pamtsetse wonsewo sangagule ngakhale galasi limodzi la njinga yako, chifukwa ukasiya moto injini ikumwa pang'ono kale.

Mayi a Tadala, Ngabu:
Ndikugwirizana ndi amakaniko. Ndiwonjezereko za makona, poti ntchito yanga ya ulangizi imandiyendetsa pa njinga ya DT kumidzi ya kumapiri a kwa Chapananga, ndipo chitunda cha Thabwa ndimachidziwa.

Chomwe chimapweteketsa anthu pa Thabwa si kutsetsereka kokha ayi, ndi kudula kona. Munthu akaona kona yakumanja amafuna kuiwongola, n'kulowa mbali ya eni ake. Pamenepo thanthwe lakubisira zomwe zikubwera, ndipo zomwe zikubwerazo ndi minibasi yodzadza kapena lole yaitali yomwe nayonso siingakhote osadya mbali yako. Khalani kumanzere kwanu. Liwiro lichepetseni musanalowe m'kona, njinga ikadali chiimire. Mukalowa, maso aziyang'ana kotulukira, osati kuphompho. Izi ndimauza aliyense amene ndikumuphunzitsa: komwe wayang'ana ndi komwe njinga ipite. Ukangoti maso pa chigwembe chifukwa cha mantha, manja amakutengera komweko.

Chinanso, ino ndi nyengo yodula nzimbe, fakitale ya Illovo pa Nchalo ikugaya, ndiye malole okwera ndi katundu ndi ambiri. Amakwera pang'onopang'ono mpaka umatopa nawo, utsi uli m'maso. Pirirani. Musawapitirire pakona, ndipo musawamatire kumbuyo, siyani mpata woti dalaivala azikuonani pagalasi komanso woti mutha kuthawa ikabwerera m'mbuyo. Pansi muziyang'ananso. Pamakona ena pamakhala dizilo wotayika, m'mawa amaoneka ngati mzere wakuda wonyezimira, ndipo tayala likapondapo njinga itapendekeka silifunsa.

Bambo a Chisomo, Nchalo:
Zikomo mayi. Musaiwalenso a makala. M'mawa amakhala akukankha njinga zakapalasa matumba atatu atasanjikiza, m'lifupi mwake kuposa munthu. Ukatuluka pakona umangowapeza ali pomwepo.

Mbuya wa ku Nsanje:
Ana anga, ndawerenga zonse. Funso langa ndi loti, n'chifukwa chiyani tikafuna phiri timathamangira kwa eni ake? Kuno ku Nsanje tili ndi mapiri athu. Kuchoka pa boma kukwera ku Chididi ndi msewu wokhotakhota womwe ungamuphunzitse munthu njinga kuposa phula la Thabwa, ndipo kulibe malole. Ukafika pamwamba mphepo yake ndi ina, yozizira, ukatembenuka ukuona chigwa chonse, Shire akunyezimira, kutsidya Mozambique. Anthu ambiri a ku Chikwawa anafika ku Lilongwe koma Chididi sanapondeko. Ulendowu ukanakhala wotsikira kuno, Loweruka Chididi, kugona pa boma, Lamulungu kukaona ku Marka kumalire n'kubwerera. Mafutanso akanachepa, mnyamata wa ku Bangulayo akanapuma.

Bambo a Chisomo, Nchalo:
Mbuya, mawu anu ndi omveka ndipo sitikuwataya. Chondiopsa ine ndi choti wa Chididi ndi wafumbi ndi miyala, pomwe theka la gulu lino lili ndi matayala a patawuni. A njinga za DT ndi AG angasangalale, koma wa King Lion atanyamula chikwama akavutika. Ndimati tiyambe ndi wa phula kuti anthu azolowere makona, wa Chididi ukhale wachiwiri mwezi wamawa, inuyo mudzatitsogolere.

Mbuya wa ku Nsanje:
Nanga wa Muona ndi East Bank mukuuyesa ndi kapeti? Komabe chabwino, ndagonja. Koma mwezi wamawa ndidzakukumbutsani pano pomwe, anthu onse akuona.

Aphunzitsi a ku Thekerani:
Takulandirani kunoko abale. Ine kwathu ndi kwa Makhuwira koma ntchito inandiponya kumtunda kuno, ndiye mbali zonse ziwiri ndimazidziwa.

Choyamba, kuzizira. Musaseke. Inu mukunyamuka pa Dyeratu mutavala malaya amodzi mukumva bwino, koma mukangopitirira Bvumbwe kulowa m'minda ya tiyi mudzayamba kunjenjemera. Miyezi ino chiperoni chikagwa, nkhungu imatseka msewu moti munthu ali patsogolo pako sumuona, kamvula kowaza kali pagalasi la chisoti. Zala zikauma ndi chisanu sizigwira kilatchi kapena buleki msanga. Tengani magolovesi ndi jekete yochindikala, ndipo nyale zanu zonse ziziyaka, yakumbuyonso. Kukachita nkhungu yambiri Lamulungu m'mawa sitinyamuka mpaka itayera, ngakhale ikhale 10 koloko.

Kuchoka pa Thyolo boma kudutsa Makwasa, kufupi ndi Malamulo, msewu ndi wokoma kwambiri. Umayenda pamsana pa mapiri, uku tiyi, uku midzi yomata m'mbali mwa zitunda, ndipo makona ake amabwera motsatizana osakupatsa mpata woganiza zina. Koma ndi msewu wodutsa m'midzi. Ana amasewera m'mphepete, amayi ali ndi mitolo ya nkhuni, tsiku la msika anthu amadzadza mpaka pakati. Si malo oyeserapo liwiro.

Kutsikira ku Muona ndiye pofunika mutu. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 mapiri a kuno ali ndi mabala, pena dothi linagumuka, pena madzi anadya m'mphepete mwa msewu, ndipo pamakona ambiri pamakhala mchenga ndi timiyala totsika kuphiri. Pamchenga buleki yakutsogolo muziigwira mofatsa kwambiri. Koma kukongola kwake abale! Pali malo ena ukaima umaona Elephant Marsh yense ali tambalale, minda ya mpunga ya ku Muona ili gwa kubiriwira, utsi wa pa Nchalo uli uko kutsidya. Ukamatsika umamva kutentha kukukulandira pang'onopang'ono, pofika pansi jekete ija wayamba kuida. Zogona ndikonza ine, mungondiuza chiwerengero pofika Lachinayi.

Mnyamata wa Lifo, Bangula:
Aphunzitsi, nanga tikafika ku Muona ife a ku Bangula ndi Nsanje tizungulirenji mpaka ku Thabwa? Si pafupi pomwepa kudzera ku Makhanga? Tikweza njinga m'bwato n'kuwolokera pa Mtayamoyo, 2 koloko tili pakhomo.

Mbuya wa ku Nsanje:
Apa mnyamatayu wanena zomwe zimatiwawa tonse a kumunsi kuno. Kale ukachoka ku Thyolo unkatsika pa Muona, Makhanga, kuwoloka pa Chiromo n'kutulukira pa Bangula, sitima nayonso inkadutsa pomwepo. Chidukireni njira ija ndi madzi mu 1997, munthu wa ku Bangula akafuna kufika ku Fatima ndi galimoto ayenera kukwera mpaka ku Chikwawa n'kutsikanso tsidya linalo, malo oti akuwaona ndi maso. Ana obadwa chaka chimenecho pano ali ndi ana awo. Ndiye Ruo naye anasintha njira ndi madzi osefukira a zaka zapitazi, Makhanga anasanduka malo ovuta kufikako.

Koma zokweza njinga m'bwato pa ulendo wa gulu, ine ayi. Amalonda amachita poti alibe kuchitira mwina. Njinga imakwezedwa chogoneka, anthu atakhala m'mbali, bwato litamira mpaka madzi atsala pang'ono kulowa. Likangopendekeka, njinga yapita, ndipo m'madzi amenewo ng'ona ndi mvuu si nkhani yongomva. Tinyamukire limodzi, tibwererenso limodzi. Ukagona kwa achibale pa Nchalo Lamulungu usiku palibe chomwe chitayike.

Mnyamata wa Lifo, Bangula:
Chitayika ndi ndalama ya Lolemba m'mawa mbuya, ine njingayi ndi yomwe imandidyetsa. Masiku awiri osagwira ntchito ndi ambiri kale.

Bambo a Chisomo, Nchalo:
Zimenezo ndi zoona ndipo tisazipeputse. Ena pano njinga ndi yongoyendera, ena ndi khasu lawo. Ndikupempha kuti tisonkhe kathumba ka gulu, aliyense monga angathere, kothandizira mafuta a anyamata a kabaza omwe akupita nafe komanso kogulira chubu kapena pulagi wina zikamuvuta panjira. Ndipo tikanyamuka bwino ku Thekerani, pa Thabwa tifikapo masana, iwe mphwanga ufika ku Bangula dzuwa lisanalowe, msewu wake ndi wowongoka.

Anamwino, Chikwawa:
Ine njinga ndilibe, ndili pagulu pano chifukwa cha bambo a kunyumba, koma ndiloleni ndinenepo. Anthu a ngozi za njinga omwe timawalandira, chomwe chimasiyanitsa wobwerera kwawo ndi wotumizidwa ku Queens nthawi zambiri ndi chisoti. Ndipo chisoti chosamanga lamba n'chimodzimodzi kusavala, chimauluka munthu asanafike pansi. Zipewa zapulasitiki za pa konsitilakishoni zija si zisoti za njinga. Nsapato zikhale zotseka, osati patapata, mapazi ndi akakolo ndi zomwe zimayamba kukhudza phula.

Wina akagwa, musathamangire kumuvula chisoti kapena kumudzutsa kuti ayende. Ngati akudandaula khosi kapena msana, kapena sakudziwa komwe ali, musiyeni chigonere, wina agwire mutu kuti usagwedezeke, ena aimitse magalimoto kumtunda ndi kumunsi kwa kona. Pomwe pakutuluka magazi panikizani ndi nsalu yoyera. Musamupatse madzi kapena chakudya. Mbali ya East Bank chipatala chachikulu ndi Trinity pa Fatima, kumtunda kuli Malamulo ndi cha boma pa Thyolo, muzidziwiretu. Ndikonza kachikwama ka mabandeji ndi magolovesi, bambo a kunyumba anyamula.

Ndipo pepani ndinene mosabisa: Loweruka usiku ku Thekerani musakamwe. Mowa wa usiku umakhala udakali m'mutu m'mawa, ndipo mtsetse womwe aphunzitsi afotokozawo ndi wa Lamulungu m'mawa.

Achimwene a Boxer, Ngabu:
Alamu mwanena zoona. Funso langa ndi la okwera kumbuyo. Mayi a kunyumba akufuna kupita nawo, sanaonepo minda ya tiyi.

Mayi a Tadala, Ngabu:
Apite, bwanji osapita? Bola chisoti chawo chikhalepo, ndipo muyeserere limodzi sabata ino. Wokwera kumbuyo amene sanazolowere makona amachita mantha njinga ikapendekeka, ndiye amadziwongola kukankhira mbali inayo, njinga n'kukana kukhota. Muwauze kuti azingotsatira thupi lanu, aziyang'ana paphewa la mbali yomwe mukukhotera, mapazi asachoke pa zopondera ngakhale mutaima. Avale thalauzi mkati, chitenje chimakodwa mu tcheni kapena masipoko, ndinaonapo mayi wina atakokedwa pansi chifukwa cha nsonga ya chitenje.

Amakaniko a pa Dyeratu:
Ine apa ndisiyana nanu pang'ono mayi. Kukwera pa Thabwa ndi kuyenda m'tiyi, anthu awiri palibe vuto. Koma mtsetse wa Muona, anthu awiri ndi chikwama pa njinga ya mabuleki a dilamu, ndi katundu wambiri. Ngati alamu akupita, chikwama chipite pa njinga ina, ndipo pomwe pavuta atsike ayende pansi pang'ono. Palibe manyazi pamenepo.

Achimwene a Boxer, Ngabu:
Chikwama ndipatsa wa AG. Zomveka.

Amakaniko a pa Dyeratu:
Tsono aliyense amene akupita abweretse njinga ndiione, sindilipiritsa kuyang'ana. Ndikufuna kuona mashuzi ngati atsala ndi nyama, waya wa buleki ndi wa kilatchi ngati sanayambe kuthothoka ulusi, tcheni ndi sipuloketi. Tcheni chisakhale chothina kwambiri kapena cholendewera, chizisewera pang'ono ukachikankha ndi chala pakati. Matayala osalala ngakhale mpweya uli bwino sapita. Oyilo akhale watsopano, chifukwa injini zathuzi zimazizira ndi mphepo, ndiye pachitunda ukuyenda pang'onopang'ono moto uli wambiri zimatentha. Tikaima pamwamba pa Thabwa muzisiye zizizire zokha. Musathire madzi pa injini kapena pa dilamu yotentha, chitsulo chimapindika kapena kung'aluka. Mukamva kuti kumtunda njinga yachepako mphamvu musayambe kutokosa kabuleta, ndi mpweya wa kumapiri, ikatsika ibwerera mwakale.

Ambiri a inu buleki yakutsogolo simuigwira, ena mpaka munaimasula poopa kuti ikugwetsani. Imeneyo ndiye imaimitsa njinga kwambiri, makamaka potsika pomwe kulemera konse kwapita kutsogolo. Ndiibwezeretsa, ndipo muyeserere pamsewu wowongoka, kufinya pang'onopang'ono ndi zala, osati kuitsakamula kamodzi.

Zonyamula: chubu chakutsogolo ndi chakumbuyo, zigamba ndi guluu, mpope, pulagi, waya wa kilatchi wapadera. East Bank ili ndi minga komanso miyala yakuthwa pamadooko a mitsinje yotsika kuphiri ija, Livunzu ndi inzake. Ngakhale madzi achepa, mchenga wake umakwirira tayala. Powoloka imani kaye muone pomwe a kabaza a komweko akudutsa.

Bambo a Chisomo, Nchalo:
Za mapepala ndisaiwale. Laisensi ndi inshulansi aliyense akhale nazo m'thumba, pa Thabwa pali rodibuloko ndipo kolowera mu Blantyre kulinso ina. Sitikufuna gulu lonse liime padzuwa chifukwa cha munthu m'modzi. Mafuta tithire full pa Dyeratu, tidzawonjezere ku Limbe kapena pa Thyolo boma, chifukwa kupitirira apo muzidalira a m'mabotolo ndipo ena amakhala osakaniza.

Kayendedwe kake: Mayi a Tadala patsogolo pokwera Thabwa, aphunzitsi atitsogolere kuyambira ku Thekerani, amakaniko kumapeto ndi zida. Palibe kupitirira wotsogolera. Pamakona tiziyenda mzere umodzi, mpata wokwanira pakati, ndipo aliyense aziyenda liwiro lomwe mtima wake wamasuka nalo. Wotsala timudikira pamphambano iliyonse, asathamange kuti atipeze.

Mnyamata wa Lifo, Bangula:
Chabwino, injini sindizimitsa ndipo bwato ndalisiya. Koma amalume, yanga buleki yakutsogolo ilibe waya, ndinaigula choncho. Waya muli naye kapena ndigule kuno?

Amakaniko a pa Dyeratu:
Ndili naye. Ubwere Lachinayi m'mawa usanayambe ntchito, ndi mashuzi omwe tisinthe. Ukamabwera undigulireko mlamba wowamba pa Bangula, ndalama ndikupatsa konkuno.

Aphunzitsi a ku Thekerani:
Mpaka pano ndawerenga njinga 9, anthu 10 ndi alamu a ku Ngabu. Mbuya, inu mukubwera kapena mukudikira wa Chididi?

Mbuya wa ku Nsanje:
Ndilembeni. Ndinyamuka Lachisanu masana ndikagone pa Nchalo, 6 koloko ya pa Dyeratu sindingaikwanitse kuchokera kuno. Bulangete ndibweretse langa kapena kumeneko alipo okwanira?

Aphunzitsi a ku Thekerani:
Bweretsani lanu mbuya, ndipo likhale lochindikala.